Kavalo Wamdima ndi Atolankhani Ogontha

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Atolankhani akale a ndale ku America akanaumva mwambiwu, akanaukhoma pachitseko cha ofesi, poti umachotsa manyazi a munthu amene amalipidwa kuti aone zinthu zisanafike koma osaziona. Iwo anali ndi mawu awoawo, dark horse, kavalo wamdima, amene anawatola ku mjaha wa akavalo. Kumeneko ankanena kavalo amene obetcha sakumudziwa, koma n'kudzasiya anzake onse m'fumbi. M'nyuzipepala mawuwa anayamba kunena munthu amene chipani chamusankha kuimira upulezidenti aliyense asakumuyembekezera. Koma kodi mdimawo unali pa kavalo, kapena m'maso mwa wolemba?

Woyamba kutchuka ndi dzinali ndi James K. Polk. Pamsonkhano wa chipani cha Democratic ku Baltimore mu 1844, Martin Van Buren anali ndi mavoti ambiri, koma lamulo linkafuna magawo awiri mwa atatu, ndipo a kumwera anamukana chifukwa iyeyo sankafuna kuti Texas ilowe m'dzikolo msanga. Anavota kasanu n'kawiri dzina la Polk osamveka, kenaka pa ulendo wa 9 n'kupambana. Nkhaniyo inathamangira ku Washington pa waya wa Samuel Morse, amene anali atangotsegulidwa masiku ochepa m'mbuyomo, ndipo otsutsa anayamba kufunsa monyodola kuti Polk ameneyu ndi ndani. Ndi ndani? Munthu amene anakhalapo sipikala wa nyumba ya malamulo zaka zinayi, nakhalanso bwanamkubwa wa Tennessee, amenenso pulezidenti wakale Andrew Jackson ankamukankhira kutsogolo. Ngati wotereyu ndi wosadziwika, ndiye kuti wodziwika ndi mwezi wokha.

Mu 1880 James Garfield anaima pamaso pa msonkhano wonse wa chipani cha Republican n'kulankhula mokometsera John Sherman, amene ankafuna mpandowo, anthu n'kukonda wolankhulayo kuposa wokometseredwayo. Anapambana pa ulendo wa 36. Za Warren Harding mu 1920 ndiye zoseketsa. Womuyendetsera kampeni, Harry Daugherty, anali ataneneratu miyezi ingapo m'mbuyo kuti nkhani idzathera m'chipinda cha hotela pakati pa usiku, amuna otopa atasowa pogwira. Opikisana otsogola, Leonard Wood ndi Frank Lowden, atakanganadi mpaka kutopetsana ku Chicago, akuluakulu a chipani anasonkhana mu Blackstone Hotel, utsi wa fodya uli tolo, ndipo mawa lake Harding anadutsa pa ulendo wa 10. Ng'oma inaimbidwa, woimba anatchula ndi malo omwe. Kuwonjezera apo, kavalo wamdimayo anali mwini nyuzipepala ya Marion Star, mnzawo wa atolankhaniwo pa ntchito.

Wina anganene kuti nanga Franklin Pierce, amene anasankhidwa pa ulendo wa 49 mu 1852 atachoka ku Senate zaka khumi m'mbuyomo? Ameneyo timulole, anali wamdimako pang'ono. Komabe anzake a ku New Hampshire anali atakonza kale zoti dzina lake lidzatuluke akuluakulu akatopetsana. Munthu sagwa kumwamba n'kufikira pampando.

Masiku ano mwambiwu wavutika kwambiri. Pambuyo pa 1952 palibe msonkhano wa zipani ziwirizi umene wavota koposa kamodzi posankha woimira upulezidenti, ndipo masiku ano nthawi zambiri anthu wamba amakhala atasankhiratu m'zigawo. Wofuna mpando amayamba kuimba ng'oma kudakali zaka ziwiri chisankho chisanafike, pa wailesi, pa kanema, pa foni ya aliyense, mpaka makutu kuwawa. Jimmy Carter anayendayenda ku Iowa miyezi yambiri akugwira anthu chanza, koma atatsogola mu 1976 anatchedwabe kavalo wamdima. Choncho mukawerenga mawu amenewa m'nyuzipepala, musafunse kuti kavaloyo anabisala kuti. Funsani kumene mtolankhaniyo anali pamene ng'oma inkalira.