Ulemu kwa kanyumba ka njanji ku Bangula

Okonda zakale akamatchula nyumba zolemekezeka m'dziko muno amathamangira ku Mandala, ija ya mu 1882 ku Blantyre. Koma kodi adafikako kwa Mbenje? Cha ku Bangula, m'mbali mwa njanji, kuli kanyumba kakale koyenera kuvulidwira chipewa.

Mbiri yake ndi yachifumu. Njanji yoyamba m'dziko muno idachokera ku Port Herald, lero Nsanje, kudutsa kuno, kuwoloka Shire pa Chiromo mpaka kukafika ku Blantyre mu 1908. Mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa pa Zambezi mu 1935, katundu ankatha kuyenda pa njanji mpaka ku Beira. Kenako nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira ya kumwera, madzi osefukira a mu 1997 nkudula ya kumpoto pakati pa Bangula ndi Chiromo. Sitima idasiya kubwera, koma kanyumbako sikadathawe ntchito. Ndi wantchito uti wina angakhale pamalo pake zaka zonsezi popanda malipiro, osanyanyala ngakhale tsiku limodzi?

Taonaninso luso la kamangidwe. Zenera lopanda galasi ndi nzeru zakuya m'chigwa chotentha chino, pakuti mphepo imalowa osapempha. Ming'alu ya pakhoma ndi malo ogona abuluzi, kudenga ndi kwa mileme, pamthunzi ndi pa mbuzi. Palibe lendi, palibe wothamangitsidwa. Ndondomeko iti ya nyumba idasamalapo amphawi chotere?

Kasamalidwe kakenso nkotsika mtengo. Kwina amalemba akatswiri kuti nyumba yakale isasinthe maonekedwe. Ife tidapeza njira yachidule, ndiyo kuiwala. Sipadapite penti yoti nkuwononga mbiri, ngakhale msomali watsopano.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pa kudekha kanyumbaka ndi mphunzitsi wa tonse. Kamva malonjezo a boma lililonse. Mu 2010 kadamva kuti doko la Nsanje latsegulidwa, osasekerera, osanyoza. Anthu akukwera bwato pa Mtayamoyo, paja madzi adadula njanji, njinga ndi matumba a chimanga zili momwemo, iko kangoti phee.

Choopsa chimodzi chokha ndi ntchito yokonzanso njanji ya makilomita 72 kuchokera ku Marka kufika ku Bangula. Sitima ikadzangolira, anthu adzadza ndi matsache, mbuzi zidzasamutsidwa, chuma chathu chakale nkuwonongeka. Choncho tikupempha akuluakulu kuti asapupulume. Pempho limeneli lokha tili ndi chikhulupiriro kuti limveka.