Mlandu wa Makutu Osongoka

Gemu ya World of Warcraft itatuluka mu 2004, kampani ya Blizzard inaika pamphasa mitundu isanu ndi itatu kuti wosewera asankhepo. Ukafuna unkakhala munthu wamba, kafula wa ndevu zofika pamchombo, ngakhale mtembo woyenda. Mbale zonsezo zili apo, anthu n'kumalirira ndiwo yomwe sinaphikidwe.

Mlandu wosatha ndi wa ma high elf, anthu a makutu osongoka ndi maso abuluu. Osewera a mbali ya Alliance akhala akuwapempha kuyambira kalekale. Mu 2007 Blizzard inabweretsa abale awo, ma blood elf, n'kuwapereka kwa adani, a Horde. Kusiyana kwake? Maso obiriwira ndi ndale basi. Mu 2018 Blizzard inaponyera a Alliance ma void elf: makutu omwewo, koma khungu ngati biringanya. Madandaulo atachuluka, mkulu wa gemuyi, Ion Hazzikostas, anawauza kuti wofuna elf wa khungu loyera, ku Horde khomo n'lotsegula. Kunali ngati kuuza munthu wodandaula ndiwo kuti akadye kwa amene akulimbirana naye malire a munda. Mu 2020 anawagonjera, ma void elf n'kuloledwa khungu loyera ndi maso abuluu. Mukuti anathokoza? Ati dzina lija simunasinthe.

Koma ngwazi yanga ndi mnyamata wa malaya ofiira. Pa msonkhano wa BlizzCon mu 2010, iye anaimirira pamaso pa khwimbi la anthu n'kufunsa za kafula wina, Falstad Wildhammer, chifukwa chomwe sakuonekera pa bwalo la mafumu atatu la ku Ironforge. Chris Metzen, mmodzi wa eni ake opeka mbiri yonseyi, anayankha modabwa kuti iye ankayesa Falstad anafa. Mnyamata uja, osaseka, osaphethira, anamuuza kuti ayi, mkuluyo ali moyo, anatchula ndi phiri lomwe ankalamulira. Taganizani, namwino kukumbutsa mayi kuti mwana wanu uja simunamuike m'manda, ali kuseri akudya. Blizzard inakonza cholakwacho: Falstad anakhala pa mpando wake, ndipo pambali pake anaimikapo kafula wina wovala malaya ofiira, ntchito yake kuyang'anira zolakwa za mbiri. Alipo mpaka pano, salipidwa.

Za ma pandaren n'zachidule. Zimbalangondo zokonda mowa izi zinalengezedwa pa 1 Epulo 2002 ngati nthabwala yopusitsa anthu. Patatha zaka khumi zinakhala mtundu weniweni woseweretsa, ndipo akatswiri ena anakuwa kuti Blizzard yabera filimu ya Kung Fu Panda. Filimuyo ndi ya 2008. Ndiye kuti agogo anaba nkhope ya mdzukulu.

Ku gemu ina ya Final Fantasy XIV nakonso sikunagonedwe tulo. Mu 2019 kunabwera anthu a makutu a kalulu, akazi okhaokha, ndi anthu a nkhope ya mkango, amuna okhaokha. Amuna akuluakulu a ndevu zawo analira kufuna kukhala akalulu, mpaka mu 2021 anawapatsa makutuwo.

Tsono kubwerera ku World of Warcraft, pali ma tauren, anthu ang'ombe, zimphona za nyanga ndi ziboda. Kwa zaka zambiri sankaloledwa kukhala ma rogue, akatswiri ozemba mumdima ndi kampeni. Ena ankati n'zomveka, nkhunzi singanyang'ame pabwalo la miyala osamveka gugugu. Ena ankayankha kuti ma tauren ozemba alipo kale, kungoti ndi akatswiri kwambiri, n'chifukwa chake palibe anawaonapo. Mu 2022 Blizzard inawaloleza. Tsiku loyamba mnzanga wina anapanga wake, anabisala kuseri kwa mtengo, n'kundifunsa ngati ndikumuona. Ndinati iweyo ayi, koma mtengo wako wamera nyanga.