Kodi mukuchiona chikalatacho?

Pamisonkhano ya pa intaneti pali funso limene limamveka kuposa moni: "Kodi mukuchiona chikalatacho?" Wapampando amafunsa modzidalira, popeza kwa iye zonse zili bwinobwino. Mayi a zachuma amati akungoona bolodi loyera mbee. Bambo a ku nthambi amati akuona theka la tsamba, manambala atakwerana. Wachitatu amayankha mwaulemu kuti zonse zikuoneka, chonsecho ali kukhitchini akupakula nsima.

Apa palibe ufiti. Pulogalamu ngati BigBlueButton, yomwe masukulu ambiri amagwiritsa ntchito pamodzi ndi Moodle, siionetsa fayilo ya Word kapena PowerPoint mmene inalili. Imayamba yaitumiza ku seva, kumene LibreOffice imaisandutsa PDF, kenako tsamba lililonse limakhala chithunzi. Seva ikakhala kuti ilibe mtundu wa zilembo umene mlembi anasankha, imaikapo wina, mizere n'kusokonekera. Zokongoletsa zouluka zimene mlembiyo anachezera usiku wonse zimafera panjira. Netiweki ikafooka, mawu amafika koma tsamba limatsalira.

Mankhwala ake ndi otchipa: chikalatacho chisandutseni nokha PDF, chepetsani kukula kwa zithunzi, ndipo chitumizeni kwa onse pa imelo kutatsala tsiku limodzi. Koma ndikuchenjezeni, abale. Anthu akachilandira msanga, amachiwerenga. Akachiwerenga, amayamba kufunsa za ndalama za mafuta a galimoto. Mwina n'chifukwa chake mabwana ena sadandaula kwenikweni makinawa akavuta.