Usiku Umene Dracula Anafika ku Sasare

Kuseri kwa chigayo, pamsika wa ku Sasare, pali kanyumba ka malata kamene masana amametamo tsitsi, usiku n'kusanduka vidiyo. Mwini wake anabwera kuchokera ku Petauke ndi fulashi yodzaza mafilimu akale oopsa, nalemba ndi khala pachitseko: "Amtima wofooka asalowe. K5."

Mawu amenewo ndiwo anadzaza mabenchi. Kuno anyamata amatsikira m'maenje a golide ndi katochi ka pamphumi. Ndani angavomere pagulu kuti mtima wake ndi wofooka?

Yoyamba inali Dracula ya 1931, ya Bela Lugosi. Isanapite patali, wina kumbuyo anakuwa: "Akulu, bwezani ndalama, TV yanu yatha utoto!" Mwini vidiyo analumbira kuti filimuyo inajambulidwa choncho. Agogo ena anamuikira kumbuyo, nati nthawi ya atsamunda zinthu zinalidi zotuwa.

Kenako anatulukira mwini nkhani, tsitsi lopesa bwino, suti yakuda, chinsalu pamapewa.

"Mfiti yake ndi imeneyi?" anafunsa amayi ogulitsa zitumbuwa. "Mfiti yanji yotchena ngati ikupita kukafunsira mbeta? Zakwathu zimavula zonse, n'kukwera lichero."

Dracula atalandira mlendo, n'kumuikira chakudya ndi vinyo koma iye osalawako, nyumba yonse inati "Aaa!" Mkwiyo unagwera mlendoyo. "Mwana wosalangizidwa! Mwini nyumba sanalawe, iwe ukungomeza?" Ataona kuti mkuluyo amagona m'bokosi la maliro dzuwa lonse, kalipentala wapamsika anadandaula za matabwa. Amalume ena anangoti munthu wogona masana nyengo yolima sayenera kuopedwa, ayenera kudzudzulidwa kwa anyakwawa.

Inatsatira Night of the Living Dead ya George Romero, ya 1968. Akufa atadzuka n'kumayenda dzandidzandi, anthu anawazindikira msanga. "Ndondocha izi!" Koma chimwemwe sichinakhalitse. Ndondocha yeniyeni, monga amanenera odziwa, imapalira chimanga cha mbuye wake usiku wonse popanda malipiro. Izi zinkangozungulira nyumba imodzi, manja lendelende, khasu osagwira. "Ndani anazidzutsa zaulesi chonchi?" anafunsa mnyamata wokumba golide. "Akanandipatsa zitatu zokha, bwenzi pano ndili ndi njinga yamoto."

The Exorcist ya 1973 inayesako. Mutu wa kamtsikana utazungulira mpaka nkhope kuyang'ana kumsana, mwana wina anabisala m'chitenje cha amake. Koma amayi a zitumbuwa anaimitsa mantha onse: "Ansembe awiri athunthu kuvutika chonchi ndi chiwanda chimodzi? Mneneri wa ku Nyimba akanamaliza nsima isanapse, mbuzi n'kutengapo."

Pofika pamenepo chigamulo chinali chitagwa: zoopsa za azungu zinatha ntchito, zimangoyenera ana. Aliyense anafotokoza mmene iye sanachitire mantha. Ena anayasamula mokweza kuti anzawo aone.

Mwini vidiyo anazimitsa TV, natsegula chitseko. Kunja kunali mdima wa ndiweyani. Ndiye pamwamba pa malata, chapafupi penipeni, kadzidzi analira kamodzi.

Amene anali ataimirira anakhalanso pansi. Amalume aja anayamba kumanga zingwe za nsapato, chonsecho anavala patapata. Wokumba golide anati tochi yake yafooka, ngakhale inkawala mpaka kuchigayo. Amayi a zitumbuwa anafunsa mwaulemu wonse ngati alipo wolowera cha kumjigo, osati chifukwa cha mantha ayi, koma dengu likulemera. Dengulo linali lopanda kanthu.

Kadzidzi analiranso.

"Akulu," anatero agogo aja, "filimu ya suti ija sindinaimvetse bwino kumapeto. Taibwezani."

"K5 ina," anayankha mwini vidiyo, dzanja litatambasuka kale.

Palibe anatsutsa. Dracula anaonetsedwa katatu usiku umenewo mpaka tambala woyamba, ndipo anthu anatuluka akunenetsa kuti ndi filimu yopanda pake.

Mukafunsa mwini vidiyo ngati mafilimu akalewa akadali ndi mphamvu, amati ali nayo kwambiri. Anthu a pachigayo okha ndi amene akudabwa kuti masiku ano iye amagula gaga, chonsecho saweta nkhuku kapena nkhumba. Madzulo aliwonse amakamwaza kuseri kwa kanyumbako kuti makoswe achuluke.