Chikomekome cha Roma, m'kati munali nyerere

Amene adapeka mwambi woti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere ayenera kuti adali ndi njala. Wokhuta sang'amba nkhuyu. Amangoiyang'ana ili mumtengo, n'kuyamikira kufiira kwake, n'kumapita. Wanjala ndiye amaitola, kuing'amba pakati, n'kupeza kuti anzake adafika kalekale ndipo msonkhano uli m'kati. Mwambiwu timakonda kuponyera achinyamata ofuna banja, ngati kuti nyerere zimangolowa mwa atsikana owala ndi anyamata ometa bwino. Kumeneko n'kuuchepetsa mwambi. Nkhuyu yonona kwambiri imene idapsapo pansi pano idali ufumu wa Roma, ndipo nyerere zake zidali ndi mayina, maudindo ndi malipiro.

Kunja kwake kudali kosiririka ndithu. Pomwe mfumu Trajan ankamwalira mu 117, ufumuwo udali utayambira ku Britain mpaka ku Mesopotamia. Mumzinda wa Roma mokha munkakhala anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Madzi ankabwera okha m'ngalande zamiyala kuchokera kumapiri, anthu wamba n'kumasamba otentha, osauka n'kumalandira tirigu waulere wochokera ku Egypt ndi kumpoto kwa Africa. Mafuta a olivi ankalowa ochuluka moti mitsuko yake yosweka idaunjikana n'kusanduka phiri lotalika mamita 35, lotchedwa Monte Testaccio, lomwe lilipo mpaka lero. Anthu akalemera, ndi dzala lomwe limakhala ndi dzina.

Tsono ing'ambeni. Mu 193 asilikali olondera mfumu adapha mfumu yomwe ankailonderayo, Pertinax, chifukwa inkafuna kuwabwezera mwambo komanso idawapatsa ndalama zoperewera. Atatero, mpando adauika pa okushoni. Ogula adalipo awiri: wina m'kati mwa kampu, wina kunja kwa mpanda akukuwa mtengo wake. Adapambana ndi wakunjayo, Didius Julianus, atalonjeza msilikali aliyense ndalama za sesterce 25,000. Adalamulira masiku 66 n'kuphedwa. Pakati pa 235 ndi 284 pampandopo padakhala mafumu oposa 20, ndipo amene adafera pamphasa ngati munthu n'ngowerengeka.

Koma pomwe mwambi wathu udakhala bwino kwenikweni ndi m'thumba. M'nthawi ya Augustus, ndalama ya denarius idali siliva pafupifupi yense. Nero adayamba kutapako pang'ono. Otsatira ake, poona kuti asilikali akufuna malipiro koma mosungira mwauma, adatapako kwambiri. Pofika cha m'ma 270, ndalama yomwe inkayenda pamsika, antoninianus, idali mkuwa wokhawokha, siliva wake osafika ndi magawo asanu pa 100 alionse. Kunja ankaikutira kasiliva kopyapyala kuti iziwala, nkhope ya mfumu ili ndi chisoti cha cheza cha dzuwa. Ikangodutsa m'manja mwa ogulitsa angapo, kuwalako kunkasupuka, mfumu n'kufiira. Amalonda sadachite kupita kusukulu kuti adziwe chochita: adakweza mitengo. Mu 301 mfumu Diocletian adakwiya n'kulemba mitengo ya zinthu zoposa 1,000, kuyambira tirigu mpaka malipiro a wometa tsitsi, ndipo wokweza mtengo chilango chake chidali imfa. Katundu adangozimirira pamsika. Mu 305 mkuluyu adatula pansi udindo n'kupita ku Split kukalima kabichi, ndipo anzake atamupempha kuti abwerere, akuti adawayankha kuti akadaona kabichi wakeyo sakadamuvutitsa. Mwa mafumu onse a Roma, ameneyu ndiye ndingamukhulupirire ndi makiyi a nkhokwe.

Musawaseke kwambiri Aroma, poti Loweruka likubwerali tikakumana ku ukwati. Magalimoto khumi a maliboni, onse obwereka. Keke ya nsanjika zisanu, koma mpeni uloledwa kugwira nsanjika imodzi yokha, chifukwa zinayi zinazo ndi zabodza zongopaka shuga kunja. Perekaniperekani atha maola anayi, mabeseni n'kudzaza, koma Lolemba m'mamawa wa katapila ali pakhomo, akwati asanatsegule ndi mphatso zomwe. Pitani ku ofesi ina iliyonse ya matailosi owala, pomwe mlendo amalandiridwa ndi maluwa apulasitiki ndi wailesi yakanema yaikulu ngati chitseko, mukafunse mlonda kuti malipiro a Marichi adalandira liti. Akuuzani kuti mu Juni, theka. Nanga pa Facebook? Mnyamata watsamira galimoto ya eni, magalasi akuda kumaso, pansi walemba zothokoza Mulungu chifukwa cha madalitso, mwini galimoto ali m'sitolo kugula buledi osadziwa kuti wadalitsa munthu. Aroma ankafunika ng'anjo ndi amisiri kuti apake siliva pa mkuwa. Ife foni yokha ikukwanira, nayonso yapangongole.

Pali chinthu china chimene mwambiwu sutiuza, ndipo apa ndiimirako kumbali ya nyerere. Tizilombo tambiri topezeka mu nkhuyu ndi timavu ting'onoting'ono tomwe timalowamo kukaikira mazira, ndipo ndi tomwe timanyamula mungu. Popanda ito, mkuyu sungabereke mbewu. Si akuba othyola zenera ayi, ndi antchito apakhomo. Chimodzimodzi anthu omwe mabuku amati adagwetsa Roma. Pazithunzi amawajambula ngati zilombo zaubweya zotuluka m'nkhalango, chonsecho ambiri mwa iwo adali asilikali a Roma yemweyo. Stilicho, mkulu wa asilikali amene adateteza Italy kwa zaka zambiri, bambo ake adali m-Vandal. Alaric, mtsogoleri wa ma Goth, adamenyerapo nkhondo mfumu Theodosius mu 394. Zomwe ankafuna n'zomwe aliyense amafuna kwa bwana: malo, chakudya ndi udindo.

Mfumu Honorius, atabisala ku Ravenna kuseri kwa madambo, adaona kuti nzeru n'kupha Stilicho. Adamupha mu 408, mabanja a asilikali achilendo n'kuphedwanso m'mizinda ya Italy, otsalawo n'kuthawira kwa Alaric. Alaric adazinga Roma, ndipo kuti achoke adamulipira golide wolemera mapaundi 5,000, siliva 30,000 ndi tsabola mapaundi 3,000. Inde, tsabola. Munthu wa nkhondo naye amafuna ndiwo zokoma. Zokambirana zitakanikanso, pa 24 Ogasiti 410 adalowa mumzindawo n'kufunkha masiku atatu. Wolemba mbiri Procopius, patapita zaka zoposa 100, adasimba kuti Honorius atamva kuti Roma watha adafuula modabwa, poti adali atangomudyetsa kumene ndi manja ake. Mfumuyo inali ndi nkhuku yaikulu dzina lake Roma. Atamulongosolera kuti watha ndi mzinda, mtima udakhala pansi.

Zotsalazo zidayenda mwachangu. Mu 439 ma Vandal adalanda Carthage, komwe kunkachokera tirigu ndi msonkho. Mu 455 adabwera okha ku Roma n'kututa katundu masabata awiri. Mu 476 mkulu wa asilikali Odoacer adachotsa pampando kamnyamata, Romulus Augustulus. Sadakaphe. Adakapatsa penshoni ndi nyumba ku Campania, zovala zachifumu n'kuzitumiza ku Constantinople, kumene mbali ya kum'mawa ya ufumuwo idapitirira mpaka 1453. Mlimi wa ku Italy tsikulo adadzuka, kupita kumunda, kubwerako, kugona, osadziwa kuti ana asukulu adzavutika kuloweza chaka chimenecho.

Nkhuyu ikagwa, moyo umapitirira pomwepo, ndipo pano ndi pomwe nkhaniyi imandikomera. Pankhondo ina mu 537 ngalande za madzi zolowa mu Roma zidadulidwa, ndipo m'kupita kwa zaka anthu adatsikira kufupi ndi mtsinje wa Tiber. Mzinda wa anthu miliyoni udatsala ndi masauzande makumi ochepa chabe. Bwalo la Forum, pomwe aphungu ankakanganirana za dziko lonse, lidasanduka busa mpaka kutchedwa Campo Vaccino, dambo la ng'ombe. Ziboliboli zamwala wa mabo ankaziotcha kuti apeze laimu womangira. Ku Britain zinthu zidafika poti ndalama zidasiya kuyenda, matailosi apadenga adalowedwa m'malo ndi udzu, ndipo luso loumba mbiya pa gudumu lidaiwalika kwa zaka zambiri. Ofukula zakale amapeza kuti ngakhale ng'ombe zidachepa msinkhu.

Ku Arles, kumwera kwa France, anthu adayang'ana bwalo lalikulu la masewero, lomwe kale ankaoneramo anthu akuphana, n'kuona kuti makoma abwino chotere akungowonongeka. Adalowamo ndi mbuzi zawo. Adatseka zipata, kumanga nsanja zolondera, ndipo m'katimo mudamera mudzi wa nyumba zoposa 200 ndi matchalitchi ang'onoang'ono awiri. Pomwe pankakhala abwanamkubwa, mayi wina ankayanika matewera. Nyumbazo zidachotsedwa cha m'ma 1820, anthu ophunzira atanena kuti zikuipitsa mbiri.

Moyo wa m'zaka zotsatira kugwa kwa Roma sudali wamasewera. Mlimi wamba sankaloledwa kuchoka pamalo a bwana wake. Masiku angapo pa sabata ankalima munda wa bwanayo, zomwe aliyense amene agogo ake adamusimbira za thangata angazimve msanga. Chakhumi chinkapita kutchalitchi. Mwana wamkazi akamakwatiwa, bwana alipidwe. Bambo akamwalira, bwana atenge chiweto chonona koposa. Ndipo tirigu ankayenera kugayitsa pachigayo cha bwana basi. Ku St Albans, ku England, cha m'ma 1330 mkulu wa amonke adalanda mphero za anthu kuti asamapere okha kunyumba, n'kuziyala pansi m'chipinda cholandiriramo alendo. Anthuwo adasunga mkwiyo zaka 50. Pachipolowe cha mu 1381 adalowa m'chipindamo, kuzula mphero zija, kuziphwanya n'kugawana zidutswa. Ufa sudatulukepo, koma mitima idayera. Komabe anthu omwewa, omwe timawanena kuti adali mumdima, ndiwo adayambitsa mayunivesite a ku Bologna ndi ku Paris, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200 amisiri a ku Italy adatipangira magalasi owerengera.

Chomwe chidakana kufa ndi dzina. Pa Khirisimasi ya mu 800, Papa Leo III adaveka Charlemagne chisoti n'kumutcha mfumu ya Aroma, ngakhale mkuluyo adali m-Frank wokhala ku Aachen, amene kulemba kudamukanika ngakhale ankagona ndi zolembera pansi pa pilo. Pambuyo pake mafumu a ku Germany adalitola dzinalo n'kumapatsirana. Tonse tikumudziwa bambo wina m'dera lathu amene kampani yake idatsekedwa kalekale, geti idachita dzimbiri, koma mpaka lero pamaliro amamupatsa mpando wa kutsogolo n'kumamutchula kuti a manijala. Iye sakana, ndipo tayi amamanga. A manijala a ku Germany adapitiriza kudzitcha mafumu a Aroma mpaka 1806, pomwe Francis II, Napoleon atamupanikiza, adalengeza kuti ofesi yatsekedwa.