Ndikumanga Nyanja Pabalaza

Ife a ku Chipera, m'boma la Marávia, madzi timawadziwa. Chakumwera kwathu kuli nyanja ya Cahora Bassa, imene inabadwa atatseka Zambezi ku Songo mu 1974, ndipo muli kapenta, pende, ncheni ndi milamba. Koma ine, pokhala munthu woona patali, ndinazindikira kuti madzi onsewo ali ndi chilema chimodzi: alibe mchere. Choncho ndagamula zomanga nyanja yangayanga yamchere, m'thanki yagalasi ya malita 1,000, pabalaza penipeni. Nsomba zake ndinaziona pa foni ya mphwanga, zamawangamawanga, zikusambira modzimva.

Ndinayamba ndi masamu, popeza kusukulu ankandilemekeza mpaka pamene tinafika pa kugawa. Madzi a m'nyanja yaikulu, ngati ya ku Beira, amakhala ndi magalamu 35 a mchere pa lita iliyonse. Ndiye kuti thanki yanga ikufuna makilogalamu 35.

"Bambo a ana," anatero amayi akunyumba, "mchere wonsewo ndiwo zake zili kuti?"

Ndinawafotokozera modekha kuti si mchere wa pamsika ayi, ndi wapadera, wosakaniza ndi kashiyamu ndi maginiziyamu. Iwo anafunsa amene adzatunge madziwo. Malita 1,000 ndi zigubu 50 za malita 20, kulemera kwake tani yathunthu, pansi pozira ndi dothi. Ndinati za kutunga tikambirana monga banja. Banja linatuluka panja.

Pa za mapaipi ndinaitana alamu anga, amene anakonzapo mjigo kamodzi ndipo kuyambira pamenepo amayenda ndi sipanala m'thumba. Ndinawajambulira pansi ndi kamtengo. Galasi libooledwe chakumwamba kuti madzi osefukira azitsika ndi paipi kupita m'thanki ina yobisika pansi pake. Mmenemo muli zosefera, ndiponso makina ochita thovu amene amatola zonyansa za nsomba. Kenako pampu imakankha madziwo kubwerera kumwamba, usana ndi usiku, osapuma ngakhale Lamlungu. Mapaipi akhale apulasitiki, chifukwa mkuwa umapha makorali ndi tizamoyo tina ta m'nyanja. Apa alamu anakhumudwa, poti anali atalonjeza kale kuti apeza paipi yamkuwa kwa mnzawo wa kutsidya, ku Zambia.

"Nanga alamu, pampu ikazima?"

Funso limeneli ndinalikonzekera, kungoti sindinalikonde. Pampu ikazima, madzi a m'mapaipi ndi a pamwamba pa thanki amabwerera onse kunsi. Thanki yapansiyo ikapanda kusiyidwa ndi malo, nyanja imatuluka n'kukapereka moni kwa matumba a chimanga kuchipinda. Magetsi a ku Songo amayenda makilomita 1,400 kukafika ku South Africa, koma kunyumba kwanga mfumu ndi kasola kamodzi, kamene kamakomoka mukangotchaja mafoni awiri.

Ndiye pali kutentha. Nsomba zimenezi zimafuna madigiri 24 mpaka 26. Aliyense amene anagonapo m'chigwa cha Zambezi mu Okutobala akudziwa kuti kuno ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Pakufunika makina oziziritsa madzi. Ine mwini nyumba ndizidzikupiza ndi chivundikiro cha poto, mlendo wa m'galasi akupuma ngati bwana muofesi. Madzi akauma ndi dzuwa mchere umatsalira, choncho tsiku lililonse uziwonjezera madzi opanda mchere, osefedwa bwino kuposa amene ana anga amamwa. Ukamaliza zonsezi sulowetsa nsomba ayi. Umadikira masabata angapo kuti mabakiteriya aswane m'miyala, ndiwo adzasandutse poizoni wa m'zonyansa kukhala chinthu chosapha. Mwezi wathunthu ndidzakhala ndikuweta zinthu zosaoneka, alendo akubwera kudzaona madzi.

Mbiri inafika kwa amfumu, ndipo anabwera okha ndi ndodo yawo. Anamvetsera za mapaipi, za pampu, za thovu, akugwedeza mutu mwaulemu. Pamapeto anafunsa kuti nsombazo zikakula tidzagula bwanji mulu.

"Sizidyedwa, amfumu. N'zongoyang'ana."

Anakhala chete kanthawi. Kenako anatembenukira kwa amayi akunyumba n'kufunsa chapansipansi ngati ndakhala ndikugona bwino masiku ano, ndiponso ngati kwathu kunali wina amene anayambapo chonchi.