Mlandu wa Tsache ku Mpadue

Khalani pansi nonse, mafoniwo muwazimitse. Bwalo lakhala. Woweruza ndine, wodandaula ndine, mboni ndinenso. Iwe mwamuna wanga wopanda ndevuwe, leka kuseka, dzina lako ndilo lili poyamba.

Mlandu woyamba ndi wa tsache. Ndamva kuti gulu lanu la achinyamata a kutchalitchi linapita mpaka ku Beira, mtunda wa makilomita pafupifupi 600, kudzera ku Changara, Catandica, Chimoio ndi Inchope, kukavuula zinyalala m'ngalande za ku Munhava. Kani manja muli nawo? Zaka zonsezi ine ndimayesa munabadwa ndi zala ziwiri zokha, zotosera foni. Pakhomo pano ndikati sesani, wina mutu wamugwira, wina ali ndi mayeso mawa, wina wasowa ngati wamezedwa ndi Zambezi. Koma atangoti Beira, nonse munachira tsiku limodzi. Mankhwala amenewo mundiuze dzina lake, ndikagule ochuluka.

Mlandu wachiwiri ndi wa kamba wapaulendo. Mbuzi yanga ija munati ikadyedwa pa ntchito ya Mulungu. Sindikana, Mulungu ndiye anandipatsa. Koma masau anga ouma aja anatuluka bwanji m'thumba? Nanga poto wanga wamkulu, amene anachoka pano ali ndi makutu awiri, khutu linalo analisiya kwa yani? Kapulana yanga yatsopano ndaiona pachithunzi, wina atamanga kumutu, atagwada m'matope.

Zithunzizo ndiye mlandu wachitatu. Mwandionetsa za pa Facebook: fosholo imodzi, oigwira khumi, mano onse pamtunda. Wokumba weniweni ndi uyo ali kumbuyo, nkhope sikuoneka, msana wokhawokha. Ameneyo ndiye adye chiwindi cha nkhuku lero. Enanu mudye zithunzi.

Wachinayi ndi wonyada. Mwabwera mukuti kuno kukutentha. Dzuwa la Tete limene linakuumitsani mchombo, lero mukulidandaula chifukwa mwapumako mphepo ya kunyanja? Pende wa mu Zambezi ayi, akuti nkhanu za ku Beira ndizo ndiwo. Wina wandipatsa moni wa Chisena m'mawa muno, ine ndinayang'ana kumbuyo kuti kapena kwabwera mlendo.

Tsono mverani bwino, pano sindikuseka. Pa ulendo weniweniwo, bwalo silikupeza cholakwa. Mzinda wa Beira unakhala pansi kwambiri, pafupifupi mulingo umodzi ndi nyanja, ndipo madzi amvula alibe kothawira koma m'ngalandemo. Mapepala apulasitiki ndi mabotolo akatseka, madzi amalowa m'nyumba, amasakanikirana ndi a m'zimbudzi, matenda n'kuyamba. Namondwe Idai atagwa usiku wa pa 14 Malichi 2019, anasasula madenga, ndipo pasanathe milungu iwiri kolera inabuka. Ifenso kuno tinalawako. M'mwezi womwewo Revúbuè anasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anadula mlatho wa pamtsinjewo, wopita ku Moatize. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene wachotsa botolo m'ngalande ya ku Munhava mvula isanagwe wachita chanzeru, ngakhale atachita ndi poto wa agogo ake.

Musaganize kuti mwayambitsa ndinu. Dziko litangolandira ufulu mu 1975, nthawi ya Samora Machel, a komiti ya m'dera yotchedwa grupo dinamizador ankatitulutsa m'nyumba mbandakucha kukasesa misewu. Kunalibe malaya ofanana ngati anuwo, kunalibe wojambula, ndipo wodwala mutu ankachirira pomwepo, khasu lili m'manja. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tinkapita chifukwa choopa kutchulidwa dzina pamsonkhano, inu mwapita popanda wokukakamizani. Mawu amenewa musawaulutse, mungatupe mitu.

Chigamulo nachi. Popeza zadziwika poyera kuti ngalande mumaidziwa, Loweruka lino tambala akangolira, dzuwa lisanayambe ukali wake, nonse mudzakhale pano ndi malaya anu ofananawo. Muyambira kuseri kwa bafa, kutsika ndi kanjira ka madzi mpaka kumsewu, kenako pakhomo pa agogo anzanga awo amene ana awo ali ku migodi ya malasha ku Moatize. Mafoni onse adzagona m'thumba la masau, mpata ulimo wambiri. Khutu la poto libwerere, kaya mukaliwotcheretsa kwa amisiri, ndalama zake musonkhe nokha.

Ndamvanso mphekesera zoti chaka chamawa mukufuna Maputo. Bwalo lavomera, koma mpando wakutsogolo m'basimo ndi wanga. Ndikufuna ndikadzionere ndekha mmene mumagwirira tsache. Tsopano kasambeni m'manja, nsima ikuzizira.